Mkamwini wa sikirini yakuda

Ephraim anabwera ku Mkhumba kudzakhala chikamwini atanyamula chikwama chimodzi, ndipo cholemera m'chikwamamo inali kompyuta. Kwawo kunali ku Chiradzulu. Mkazi wake Belita anakumana naye ku Limbe, iye akulera mwana wa eni, Ephraim akusesa ndi kulumikiza mawaya m'kashopu kokonza makompyuta. Nzeruzo anaziphunzira momwemo, motolatola ngati nkhuku, popanda mphunzitsi.

Poyamba anthu pamudzi anakondwa, ankayesa kwabwera mafilimu. Koma akatsegula chinthucho panalibe chithunzi n'chimodzi chomwe. Sikirini inali yakuda bii, ya timalemba toyera, ndi kamzere kophethira kodikira. Iye ankati malo amenewo ndi shelo: ukalemba lamulo n'kudina, makina amachita zomwezo osafunsa kawiri. Anamuonetsapo Belita kuti ukalemba ls umaona zonse zimene zili pamene waimapo, ukalemba cd walowa pena. Belita anangogwedeza mutu. Chimene anaona iye n'chakuti mwamuna wake akamalemba, mapewa ake ankatsika ngati munthu amene watula mtolo.

"Alamu, tiikireni ya nkhondo," ankatero azichimwene a Belita.

"Ilibe mafilimu iyi."

"Ndiye ndi wailesi yakufatu. Tipatseni tizikhalira."

A Goliati, amalume a Belita amene anali mwini mbumba, sankaseka nawo. Iwo ankati mkamwini amaonekera pa mizere. Ephraim ankalima ndithu, ulesi analibe, koma mizere yake inkakhota ngati njira ya woledzera, ndipo matuza sankatha m'manja. Zaka ziwiri chimanga chinatha Khirisimasi isanafike, banja n'kumadyera kwa amayi a Belita. Mwana wawo Madalo atayamba kuyenda, a Goliati ananena mawu pamaso pa onse: "Bambo a Madalo, chaka chino tsiku lodzala likakupezani kulibe kumunda, mudzatsatane ndi chikwama chanu."

Mwezi womwewo kunabwera foni kuchokera kwa a Stafford, bambo wina wa ku Blantyre amene ankasungira timakampani zinthu zawo pa makina aakulu. Ankafuna munthu wosamutsa zonse kuchoka pa makina akale kupita pa atsopano, ali kutali, kudzera mu shelo muja. Anati akaichita bwino, ntchito ikhala ya mwezi ndi mwezi. Tsiku anasankha okha, Loweruka, poti maofesi amakhala otseka. Lachisanu madzulo mvula yoyamba inagwa, nthaka n'kunyowa mpaka pansi.

Kutacha, mudzi wonse unatuluka ndi mbewu. Ephraim anamangirira chikwama pa njinga, ulendo wa pa msika pamene panali magetsi.

"Ndikangoiyambitsa, iziyenda yokha," anatero. "Mundipeza ndafika musanathe ndime yoyamba."

Belita anabereka Madalo, natenga khasu ndi kambale ka mbewu. Ankakumba yekha, kuponya yekha, kukwirira yekha, pamene m'minda ya anzake ankayenda awiriawiri, mwamuna patsogolo ndi khasu, mkazi pambuyo. A Goliati anadutsa m'malire kamodzi, anayang'ana, n'kupitirira. Dzuwa litafika pamutu, Belita anabisa khasu m'nandolo zakale n'kuuyamba ulendo wa pa msika.

Anam'peza Ephraim m'babashopu ya Cornelius, pamene panali magetsi. Anakhala pakona pa kabenchi, kompyuta pamiyendo, waya ali kukhoma chifukwa batire linafa kalekale. Tsitsi la anthu linali mbwee kumapazi kwake. Pa sikirini timizere tinkangokwera, tinkangokwera.

"Mwabwera kudzatenga katundu wanu, mlamu?" anatero Cornelius akumeta munthu. "Mutengeni, sanamwe ndi madzi omwe. Ndimayesa wasanduka mpando."

Belita anagwada pafupi ndi mwamuna wake kuti ena asamve. "Bambo a Madalo, tiyeni. Amalume aona."

"Sindingachoke."

"Munati iziyenda yokha."

Ephraim anapukuta kumaso ndi dzanja. "Pali lamulo lina limene umayamba walemba, kuti ntchito izipitirira kumakina konko ngakhale iwe utatseka. Ndinafulumira, ndimaganiza za kumunda, ndinaiwala. Pano yamangirira pa ine. Ndikatseka, yafa panjira."

"Simungalilembe pano?"

"Njira akuti ilipo, koma sindinaiyesepo. Ndiyesere pa zinthu za eni?"

"Yatsala pang'ono?"

"Sindikudziwa, mayi a Madalo. Siinena."

Belita anakhala pansi, nayamwitsa mwana. Anayang'ana timizere tija, osamva kanthu, koma anapezeka akutipempherera mumtima ngati mmene amapemphererera wodwala. Kunja mitambo inasonkhananso ku phiri la Michesi. Mphepo inayamba, kenako chiphaliwali. Makina ometera a Cornelius analeka kulira munthu ali ndi tsitsi mbali imodzi, ndipo sikirini ija inazima.

"Basi, mupita choncho, ndi sitayilo," anatero Cornelius kwa kasitomala wake, anthu n'kuseka.

Ephraim anakhalabe manja ali pa mabatani. Magetsi sanabwere tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Lolemba a Stafford anaimba. Belita anangomva mwamuna wake akuti "inde bwana, pepani bwana," kenako zii. Ntchito anaipereka kwa wina wa m'tauni.

Ankhoswe anakumana pakhonde pa amayi a Belita. Nkhani siinatalike. Ephraim anayesa kufotokoza za lamulo loiwalika lija, a Goliati anamudula.

"Ife za malamulo anu sitikuzidziwa. Lathu munalimva?"

"Ndinalimva, amalume."

"Iwe Belita, munthuyu ukumufunabe?"

Belita ankamufuna. Koma munda unali wa mbumba, nyumba inali pa malo a amayi ake, ndipo ku Chiradzulu kunalibe ngakhale poimika nkhokwe. Anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi kamtengo. Onse anamudikira pang'ono, kenako a Goliati anati kukhala chete n'kuyankha komwe.

Ephraim ananyamuka m'mawa mwake. Njinga anaisiya, anati ithandize popita ndi mwana kuchipatala. Madalo anamutsatira mpaka pa mtengo wa mango, amayi a Belita anakamunyamula akulira.

Pano Ephraim ali ku Limbe, amagulitsa machaja ndi makava a foni pa kathebulo m'mbali mwa msewu. Kompyuta akuti ikadalipo, koma alibe poilumikiza. Nthawi zina amaimba pa foni ya mnansi, ndipo Belita amathamanga atagwira chitenje m'manja. Amafunsa za mvula, za chifuwa cha mwana, kenako amapempha kuti amve mawu ake. Miyezi yoyamba Madalo ankalanda foni n'kumakuwiramo. Sabata yatha Belita atamuikira pakhutu, mwanayo anamvetsera pang'ono, n'kuikankha.

"Ndani ameneyu?" anafunsa, n'kubwerera kukasewera.