Achule aakulu amene tinawathamangitsa ku nazale

Lemba bwino iwe Tamala, anthu awerenge zimene achita atate ako sabata ino.

Mwana wanga Yohane, atate a Tamalayu, ali ndi nazale ya fodya kudambo kuno kwa Lukwa. Mukudziwa, mabedi aja timaphimba ndi udzu, ndiye pansi pake pamazizira, achule amakondapo. Tsono iye anaona kuti achule aakulu akumakumba timaenje, nkukhalira mbande. Anawatola onse mu ndowa nkukawataya kutsidya. Ang'onoang'ono anawasiya.

Ndinati, "Nanga awa wasiyirenji?"

Akuti, "Amayi, chule ndi chule. Awa adya tizilombo, komanso saphwanya mbande."

Ine ndinangomusiya. Nazale si yanga.

Lachinayi ndinapita kukamuthandiza kuthirira. Mayo ine! Bedi la kumapeto mbande zili lambalamba, zodulidwa patsinde. Nkhululu zimenezo. Mvula ili pafupi, munthu adzawokera chiyani?

Ndikuvundukula udzu, ndinapeza kachule kali maso ndi maso ndi nkhululu. Kamutu ngati nsawawa. Kanayang'ana, kanaphethira, kenako kanatembenuka nkutola nyerere. Mukanakhala inu mukanatani? Chule satafuna, amameza. Chimene sichilowa m'kamwa mwake si chakudya chake. Akamakula mutu umatambasuka, kamwa limafika kuno ndi kuno, ndiye pamene amayamba kumeza nkhululu ndi mbozi zonenepa zija. Amene anatayidwa kutsidya aja ndiwo anali alonda.

Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma kwa chule, mutu ukakula ndiye ndowa imakupeza.

Si kudambo kokha ayi. Kodi si ife timatuma kamtsikana ka sitandade faifi kulera makanda atatu, amake ali ku sikelo? Kamnyamata mawu asanasinthe takapatsa kale ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Zikalakwika timati ana a masiku ano ndi aulesi. Aulesi? Kamwa lisanakule?

Usandiyang'ane choncho Tamala, sindikunena amako.

Dzulo m'mawa ndinakumana ndi Yohane panjira ya kutsidya, ndowa ija ili m'manja, mathalauza atapinda.

Ndinati, "Wapeza angati?"

"Awiri, amayi. Enawo akuthawa."

Mbande zotsalazo mwina zikwana theka la munda. Nanga inu, pakhomo panu, nkhululu mwasiyira ndani?