Tulo ta Masana ta Amake Agape

Ku Maganga kuno mukafunsa za a Phyllis, anthu adzakulozerani nyumba yamalata ili pafupi ndi mtengo wa mango umene amuna awo, a Lodwick, amakonzerapo njinga. Koma musavutike n'kupita kumeneko, simukawapeza. Mayi ameneyo nyumba amangogonamo basi. Kukamacha ali kudimba la mpunga, dzuwa likakwera ali ku chinangwa, ndipo mukawaona akudutsa pamsewu ndiye kuti pamutu pali mtolo, kumanja kuli khasu, moni akukupatsani akuyenda.

Khalidwe limeneli sanaliyambe ukulu. Mayi awo anamwalira iwo akadali kamtsikana, n'kuwasiyira azing'ono awo oti awalere, ndiye anazolowera kudya chiimire. Tsiku la ukwati wawo, anthu ali mkati mofupa, mkwati anangoona mpando wa mkwatibwi uli pululu. Anakawapeza kuseri kwa nyumba, atapinda diresi loyera m'maondo, akuthandiza amayi kutsuka mbale. Kutchalitchi amakhala pansi, inde, koma yang'anitsitsani manja awo pansi pa chitenje. Ulaliki ukatalika mumamva kuti thwa, thwa: akuswa mtedza.

A Lodwick ndiye kukhala pansi amakudziwa, abale. Ntchito yawo yomata machubu ndi kuwongola masipoko ndi ya pachitsa, ndipo njinga zikasowa pamabwera bawo. Zaka zonsezi ankanyadira pamaso pa anzawo kuti, "Ine sindinakwatire mkazi, ndinakwatira thirakitala." Anthu ankaseka, iwonso ankaseka.

Kusekako kunatha chaka chino nthawi yodula mpunga. A Phyllis anaweramuka m'dimba, nagwira pachipumi, napendekeka pang'ono, kenako khu pansi. A Lodwick anawakweza pakaliyala mpaka kuchipatala. Namwino anawamanga kansalu kopopa pamkono, nayang'ana makina, nayang'ananso a Lodwick.

"Bambo, mayiwa magazi akuthamanga kwambiri. Mankhwala ndi awa. Koma akapanda kumapuma, tsiku lina adzagwa osadzukanso."

A Lodwick anachita mantha enieni, mantha amene sanawamvepo chibadwire. Koma pobwerera, asanafike n'komwe kunyumba, anamva mawu kumbuyo kwa njinga: "Abambo ake Agape, taimani kaye. Nkhuni zonsezi tingozidutsa?"

Anayesa zonse, bambo wa anthu. Anabisa khasu padenga, a Phyllis anakabwereka kwa aneba. Anabisa munsi, iwo anakasinja kwa achemwali awo n'kusinjanso za achemwali awozo. Mankhwala ankamwa ndithu, koma ankamwa akuthamanga.

Nzeru inachokera kutali. Mwana wawo, Agape, amalera ana a banja lina la Chigiriki ku Lilongwe, ndipo chaka chino mabwana akewo anamutenga popita kutchuthi kwawo, pachilumba china cha ku Girisi. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tsiku lina anatumiza chithunzi pafoni ya bambo ake: mchenga uli mbee, madzi ali phee, tiana tikusewera m'mphepete, ndipo pakati pa chithunzi pali gogo wonenepa ali thapsa pansalu, chipewa kumaso, dzuwa lili paliwombo.

A Lodwick anaimba pompo. "Agape, gogo uyu wakomoka?"

"Ayi ababa, akugona. Kuno anthu amapita kunyanja kukangogona."

"Masana? Osadwala?"

"Ndiko kupuma kwake. Amayi mukanawapititsa, nyanja muli nayo pafupi."

A Lodwick anakulitsa chithunzicho ndi zala, nauyang'anitsitsa mchenga wa Agiriki. Asa! Mchenga umenewu ndi wokwerera ndege? Wa ku Senga Bay ukuposa apa.

Koma mudziwe kuti kwa ife a kuno nyanja si malo ongokhala. Kunyanja umapita ndi beseni la zochapa, kapena ndi mbale yokagulira usipa. Zogona pamchenga n'za anthu a ku Lilongwe obwera pagalimoto, ndi azungu amene amadziwamba mpaka kufiira. Ndiye a Lodwick atayambitsa nkhaniyo, a Phyllis anawayang'ana ngati aledzera.

"Ndikangokhala? Osachita kanthu? Anthu akandiona aziti chiyani, kuti mayi uja mutu wazungulira?"

"Agape akufuna chithunzi chanu muli pamchenga," anatero a Lodwick, "akaonetse Agirikiwo kuti nafenso tili nawo."

Apo ndiye a Phyllis anavomera, chifukwa za mwana wawo sakana. A Lodwick anangopempha chinthu chimodzi: asanyamule kanthu, mkeka wokha basi.

Loweruka m'mawa, mwera utaleka, a Lodwick anatulutsa njinga n'kupeza akazi awo ataima pakhomo ndi chimtolo chomanga m'chitenje, chachikulu ngati akusamuka.

"Amake Agape, ichi n'chiyani?"

"Zokhalira."

Njira yonse zokhalirazo zinkalira kuti ngwe, ngwe njinga ikagunda mwala, koma a Lodwick anangoluma mano n'kumapalasa.

Anasankha malo abwino, patali ndi pokocheza mabwato. Pamenepo madzi ake ndi ofatsa, munthu umayenda mtunda akukulekeza m'maondo, ndiye mabanja amakondapo. Ana ankayandama pamachubu a galimoto, amayi a m'tauni atavala magalasi akuda ali pamipando yopinda, ndipo chapatali pang'ono asodzi ankasoka maukonde. Pansi pa kamtengo kena a Lodwick anayala mkeka, mtima uli m'malo.

A Phyllis anamasula mtolo uja. Munatuluka beseni, sopo wamtanda, zovala za sabata yonse, bulangete, ndi mapoto atatu mwaye uli bii.

"Mayo ine! Si tinagwirizana?"

"Inu, madzi onsewa aulere, opanda mzere wa pamjigo, munthu n'kubwera chimanjamanja? Mulungu angatikhululukire?" Anatapa mchenga n'kuufikisa m'zala. "Komatu mchenga wake ndi wabwino. Mapoto awa lero awala."

A Lodwick anachonderera kuti ayambe ndi chithunzi. A Phyllis anakhala tsonga pamkeka, miyendo atawongola, nkhope ili gwa ngati akudikira jekeseni. Foni isanalire n'komwe anafunsa, "Mwajambula?" Pamene a Lodwick ankati ayang'ane ngati chatuluka bwino, mkeka unali wokha. Mayi anali kale m'madzi, bulangete lili m'beseni, thovu lili tho.

Pafupi nawo panali mayi wina wachisilamu wa komweko, dzina lake Rukiya, atafunda mpango kumutu, nayenso akuchapa. Sipanapite nthawi awiriwo anali atadziwana mpaka mayina a ana. A Lodwick anatsala pamkeka ndi mapoto, akuyang'ana gogo wa ku Girisi pafoni, akuyang'ananso msana wa akazi awo ukukwera n'kutsika.

Dzuwa linakwera, mchenga unayamba kutentha kumapazi. Ndipo a Lodwick anaona chimene ankachiopa. A Phyllis anaweramuka, nagwira pachipumi, napendekeka pang'ono, chimodzimodzi tsiku lija m'dimba. Kenako anapukusa mutu n'kuweramanso ngati palibe chachitika.

Bambo uja sanaganize kawiri. Anapinda buluku, nalowa m'madzi nsapato zili kuphazi, nalanda bulangete.

"Ndichapa ndine. Inu kakhaleni apo."

"Abambo ake Agape, mwayamba misala? Pagulu pano?"

"Kakhaleni."

"Mukundichititsa manyazi!"

"Manyazi sapha munthu," anatero a Lodwick. "Chimene chimapha anatiuza namwino uja. Bulangete likang'ambika tidzafunda chiguduli. Nanga inu mukagwa, ine ndidzatani?"

Zaka zonse za banja lawo mwamuna ameneyu sanawayankhulepo choncho. A Phyllis anapukuta manja pachitenje, napita pamkeka, nakhala.

Tsono apa ndi pamene gombe lonse linapeza chowonera. Mwamuna wa imvi, pakati pa amayi, akuchapa zitenje za mkazi wake! A Rukiya anaomba m'manja. "Mashallah! Mayi, mankhwala ake munakatenga kwa ndani? Mundiuzeko, wanga kunyumba ngakhale kapu satsuka."

Asodzi anasiya maukonde. "Wadyetsedwa ameneyo!" anakuwa mmodzi. "Khuzumule weniweni! Achimwene, mukamaliza apo mudzatichapireko ifenso!"

A Lodwick makutu anatentha, koma sanacheuke. Vuto linali lakuti kuchapa sankakudziwa. Munthu wodziwa kumanga wilo lonse la njinga ndi maso otsinzina, sopo anamugonjetsa. Anati akamugwire, sopo anapulumuka n'kumira. Anamusaka ndi phazi, anamuponda, anaterereka, phava m'madzi. Anadzuka n'kunyamula bulangete lonyowa, kulemera kwake kunawabwezanso pansi. Malaya awo oyera a kutchalitchi anawaviika limodzi ndi chitenje chofiira chatsopano, ndipo anatuluka ndi mtundu woti ngakhale mwana wamkazi angakane kuvala.

A Phyllis anayamba ndi kukalipa. "Osati choncho! Pakhosi, tikitani pakhosi! Inu, diresi limenelo si chubu!" Anati adzuke, a Lodwick anakweza sopo m'mwamba.

"Mukangoimirira, ndimuponya pakati pa nyanja."

Mayi wosunga zinthu ngati ameneyo sakanalola sopo watsopano apite ndi madzi. Anakhalanso. Kenako a Lodwick anafinya siketi n'kudzithira madzi onse kumaso, ndipo a Phyllis anaphulika. Anaseka chikhakhali, anaseka mpaka misozi, anagwira m'mimba n'kutsamira chigongono pamkeka. "Ha, koma bambo inu! Agape akanaona!" Malangizo anapitirira ali chotsamira, ndipo a Lodwick ankangoti, "Chabwino, amake Agape," thukuta lili kamukamu.

Anachapa, anachapa, mpaka asodzi anatopa nawo n'kubwerera ku maukonde. Atafika pa malaya omaliza anafunsa osacheuka, "Awa nditsukuluze kangati?"

Zii.

"Amake Agape?"

Anacheuka. A Phyllis anali gone chammbali pamkeka, dzanja limodzi litagwera pamchenga, osagwedezeka.

Malaya anapita ndi madzi. A Lodwick anathamanga, nsapato zikulira madzi, nagwada pambali pawo. Muwamvetse bambo ameneyu: chikwatirane sanawaonepo akazi awo ali m'tulo. Iwo akamagona mayi amakhala akadali panja, akamadzuka mayi anapita kale. Nthawi imodzi yokha imene anawaona ali gone masana inali tsiku lija m'dimba. Anawayang'ana kumaso, nakoka mpweya kuti akuwe.

A Rukiya, amene anawatsatira, anawagwira pamkono. "Bambo, dekhani. Tamverani."

A Lodwick anatchera khutu. Kunamveka kaphokoso, koyamba pang'onopang'ono, kenako kokoka ndithu ngati macheka. A Phyllis ankaliza mkonono.

"Alhamdulillah, ndi tulo chabe," ananong'ona a Rukiya. "Asiyeni."

A Lodwick anakhala pamchenga, misozi ikutsika, kwinaku akuseka mopanda mawu. Zaka zonsezi osadziwa kuti anakwatira munthu wa mkonono! Chimwemwe chimene anamva sichinali chochepa. Anatulutsa foni, mwamwayi inali m'thumba la jekete pamkeka, najambula chithunzi. Gogo wa ku Girisi analibe kanthu apa.

Koma mthunzi wa kamtengo kaja unali utayamba kuthawa. Dzuwa linafika kumapazi, linakwera mpaka paphewa, ndipo a Phyllis anakwinya nkhope. A Lodwick anayang'ana uku ndi uku. Ambulera analibe. Anathamangira kubeseni, natenga chitenje chofiira chija chili chonyowa, naima pakati pa dzuwa ndi akazi awo, manja atatambasula.

Anaima choncho, madzi akudontha m'zigongono. Mwana wina anabwera ndi mpira, iwo anamutulutsira maso mpaka anabwerera chambuyo. Asodzi anayambanso: "Tsopano wasanduka chingwe choyanikira!" A Lodwick anangowagwedezera mutu kuti achepetse mawu, ndipo, zodabwitsa, anachepetsadi. Mapewa anayamba kuwawa, manja anachita dzanzi, chitenje chinaumira m'manja mwawo. A Rukiya anasonkhanitsa zochapa zija mwakachetechete n'kuziyanika pamchenga pamodzi ndi zawo.

Patapita nthawi a Phyllis anatakataka. Maso anatseguka pang'ono, ofiira ndi tulo, ndipo dzanja linayamba kale kufufuza pamkeka.

"Mapoto aja..."

"Ndakwecha kale," anatero a Lodwick motsitsa. "Akuwala ngati atsopano. Gonani."

"Ndi mchenga?"

"Ndi mchenga."

A Phyllis anapuma mozama, dzanja lija linagweranso pansi, ndipo posakhalitsa macheka anayambiranso. Mapoto anali pomwepo kumutu kwa mkeka, onse atatu, mwaye uli bii. A Lodwick anasuntha phazi limodzi pang'onopang'ono, natsitsa dzanja lamanzere, kuti chitenje chitchinge dzuwa, chitchingenso mapoto.