Maso a Alamu Anga

Tsiku loyamba kuonana ndi alamu anga, alongo awo aakulu a amuna anga, sanandipatse moni ngati anthu ena onse. Anandigwira chibwano, n'kunditembenuzira kuzenera, n'kuyang'ana tsaya ili ndi tsaya ilo ngati munthu wosankha nsalu m'sitolo. Kenaka anati, "Khungu labwino ili, koma umafinya ziphuphu. Usiye." Ine mumtima ndinati mayi wamwano ngati ameneyu sitidzamwerana madzi. Ndinalakwitsa. Tinakhala pa ubwenzi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ndimawasowa kwambiri.

Ntchito yawo inali yosupula nkhope. Ndikanena choncho anthu amadzidzimuka, amaganiza za mpeni. Ayi ndithu. Ankapaka asidi wofatsa kumaso ndi kaburashi, n'kumusiya kanthawi kochepa, kenaka n'kumuzimitsa ndi madzi a soda. Pakapita masiku atatu kapena anayi khungu lapamwamba linkayamba kusupuka lokha, pansi pake n'kutuluka latsopano, losalala, mawanga ndi zipsera za ziphuphu zitachepa. Ntchitoyi anaiphunzira kwa dokotala wa matenda a pakhungu amene anamugwirira ntchito zaka khumi ndi chimodzi. Anayamba ndi kukolopa ndi kuwiritsa zipangizo, kenaka kugwirizira thonje, mpaka dokotalayo anazindikira kuti mayi wokolopayu amaona kusintha kwa khungu iye asanaone. Anawatumiza ku kosi ya ntchitoyi. Dokotalayo atapuma pantchito, alamu anachita lendi kachipinda kuseri kwa sitolo ya mankhwala, n'kuyamba paokha.

Kachipindako ndikhoza kukajambula nditatsinzina. Pakati panali mpando wakale wa dokotala wa mano umene unkalira ukamagonekedwa. Pakhoma panali shelefu ya mabotolo ofiirira, aliyense ndi kapepala kake kolembedwa pamanja, ndi chikupizira mphepo chimene mutu wake unamangidwa ndi waya. Munkamveka fungo la sipiriti ndi sopo. Koma chachikulu chinali zenera, lalitali, loyang'ana kotulukira dzuwa. Alamu ankagwira ntchito m'mawa mokha, kuwala kukadali pazenerapo. Ikakwana leveni ankatseka botolo, ngakhale pakhomo patakhala munthu wochokera kutali. "Babu lamagetsi limanama," ankatero. N'chifukwa chake m'tauni monse ankadziwika kuti Amayi a Pazenera.

Wotchi nayonso sankaikhulupirira. M'masaluni ena amatchera kawotchi kolira, mphindi zitatu zikakwana n'kupukuta. Alamu ankaseka zimenezo. Ankati wotchi sidziwa ngati munthu anagona bwino, ngati anapsa ndi dzuwa dzulo, ngati khungu lake ndi lopyapyala. Iwo ankapaka, n'kuwerama, n'kumayang'ana. Khungu likayamba kusintha mtundu pang'ono, ndipo makamaka pakangooneka timadontho totuwa ngati phulusa, pomwepo thonje la soda linali litafika kale. Kwa wina zinkatenga mphindi ziwiri, kwa wina zisanu. Maso awo ndiwo anali wotchi.

Panalinso lamulo lina limene tonse tinaliloweza: ukakhala pampando, tseka pakamwa. Asidi amaluma, ndipo anthu ambiri akangomva kunyerenyesa amayamba kukuwa kuti ndapsa, ndapsa, pamene mankhwala sanagwire n'komwe. Alamu sankamva zimenezo. "Pakamwa pamanama, khungu silinama. Iwe pirira, ine ndikuona." Ndipo ankaonadi. Zaka zonsezo sindinamve kuti wina watuluka m'menemo ndi bala.

Ine ndinakhala pampandowo koyamba nditabereka mwana wanga woyamba. Mimba inandisiyira mawanga akuda m'masaya ndi pachipumi, moti kuntchito kwanga, ku positi ofesi, ndinkagwira ntchito nditazolika. Ndinapita ndili ndi phuma, kufuna zithe tsiku lomwelo. Alamu anangondipaka kadontho kuseri kwa khutu n'kunena kuti ndibwere pakatha masiku atatu.

"Alamu, ndapempha tchuthi cha lero lokha."

"Ukapemphenso china. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mlamu wanga. Ukufuna ndikuwononge kuti mlongo wanga azinditukwana?"

Ndinachoka ndikung'ung'udza njira yonse, koma ndinabwereranso. Tsiku lachinayi nditapakidwa, nkhope ikusupuka zigambazigamba, amuna anga anandiyang'ana patebulo n'kufunsa ngati anakwatira buluzi. Sindinawayankhule masiku awiri. Patatha milungu itatu iwo omwewo anayamba kundiperekeza kuntchito, zimene sanachitepo chikwatirane.

Masiku amenewo anali okoma. Pakhonde panali benchi, ndipo Loweruka m'mawa inkadzaza: anamwino ochokera kuntchito, aphunzitsi, amayi ogulitsa nsapato, akazi a abusa amene ankati angodutsa kudzapereka moni. Pamenepo tinkamva za maukwati osweka ndi ana opambana mayeso. Pakhoma panali misomali isanu ndi umodzi yokolekapo zipewa zazikulu zimene alamu ankabwereketsa, chifukwa khungu lopakidwa kumene silifuna dzuwa. Zipewazo zinali zoipa maonekedwe, zobiriwira, ndipo msewu wonse unkazidziwa. Ukangotuluka utavala chimodzi, oyendetsa matakisi pakona ankakuwa kuti, "Afundula amayi awo, apatseni njira!" Tinkakwiya pamaso, koma mumtima tinkanyada.

Si onse amene ankalandiridwa. Atsikana ofuna kuyera ankabwezedwa pakhomo. Ndinamva ndi makutu anga akuuza wina kuti, "Mwana wanga, ine ndimatsuka khoma, sindipenta nyumba. Mtundu umene unabadwa nawo upita nawo kumanda." Wopaka mafuta oyeretsa ankamuzindikira asanakhale pansi, n'kumuuza kuti asiye kaye miyezi itatu. Ena ankapita kwina atatukwana. Alamu sankawanyengerera.

Kusintha kunabwera mwakachetechete, ndipo ine ndinakuona. Mpando unayamba kusendera kuzenera, chaka chino pang'ono, chaka chamawa pang'ono, mpaka unagunda khoma. Alamu anayamba kudandaula kuti mawindo a masiku ano sayera ngakhale uwapukute bwanji. Tsiku lina anandipatsa botolo kuti ndiwawerengere kapepala, akuti zilembo zafufutika, pamene zilembozo anazilemba okha sabata yomweyo ndipo zinali zazikulu ngati za mwana wa sukulu. Tsiku linanso anathira tiyi pambali pa kapu. Tinaseka tonse awiri. Ndikanayenera kulankhula pamenepo, koma ndani akanauza Amayi a Pazenera kuti maso awo akutha? Amuna anga nditawatchulira anati, "Aaa, ukalamba basi, asiye." Ndinawasiyadi, ndipo mlandu umenewo ndi wanga.

Chaka chilichonse nyengo yozizira ikayamba ndinkapita kukapakidwa kamodzi. Chaka chimenecho ndinapita Lachiwiri, benchi ilibe munthu. Alamu anandipukuta ndi sipiriti, n'kundipaka mafuta m'mbali mwa mphuno ndi m'makona a maso monga mwa nthawi zonse. Manja awo anali omwe aja, ofewa, odziwa njira. Kaburashi kanayenda pachipumi, m'masaya, pachibwano. Chikupizira mphepo chinayatsidwa. Ndinatsinzina.

Kuluma kunayamba monga ndinazolowera. Kenaka tsaya lakumanzere linayamba kutentha mwa mtundu wina, ngati wandigunditsa supuni yochokera pamoto. Ndinaluma mano. Zaka pafupifupi makumi awiri ndinaphunzitsidwa kuti pakamwa pamanama, ndipo ndinkanyadira kuti ine sindili ngati amayi okuwa aja. Ndinadziuza kuti alamu akuona. Iwonso, ataima pamwamba panga, ankadikira timadontho totuwa timene tinali titatuluka kale koma maso awo sankationa. Aliyense ankadalira mnzake. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ine ndinamva n'kukhala chete.

Misozi itayamba kutsikira m'makutu ndinalephera kupirira.

"Alamu, kodi sipanatuwe?"

"Sipanayambe. Khala phee."

"Alamu, yang'anitsitsani kumanzereku."

Anawerama mpaka ndinamva mpweya wawo patsaya. Anakhala choncho kanthawi. Kenaka ndinamva mbale ikugwa, ndipo madzi a soda anandikhuthukira kumaso konse, osati ndi thonje monga mwa masiku onse, koma ndi manja, mobwerezabwereza, mpaka bulauzi yanga inanyowa. Anandipaka mafuta, n'kundiveka chipewa chobiriwira okha, n'kunena kuti, "Lero khungu lako lachita ukali. Ubwere pakatha milungu iwiri ndidzaone."

Nkhope yonse inasupuka bwino, kupatula patsayapo. Panatuluka thuza, thuzalo linaphulika, panachita nkhanambo. Ndinapita kuchipatala mobisa. Nkhanamboyo itagwa panatsala chipsera chakuda, cholimba, chachikulu ngati chala chamanthu. Amuna anga atachiona anati, "Usawauze. Ntchito imeneyi ndiwo moyo wawo. Sangachione n'komwe."

Zinali zoona kuti sakanachiona, ndipo n'zimene zinandisowetsa mtendere milungu iwiri yonseyo. Alamu analibe mwana, ukwati wawo unatha kalekale. Chimene anali nacho ndi kachipinda kaja ndi dzina lakuti sanapsereze munthu. Ndikanama, akanakhala ndi zonse ziwiri. Koma ndinkadziwanso kuti Loweruka lotsatira kunali kubwera mphunzitsi wina wachitsikana, wa ziphuphu zambiri, amene anali atayezedwa kale kuseri kwa khutu. Ndinali nditamuona pabenchi, akuseka ndi dzanja pakamwa.

Ndinapita Lachinayi m'mawa. Ndinawapeza akupukuta zenera. Anandikhazika pampando, n'kundigwira chibwano, n'kuyang'ana uku ndi uku. Nkhope yawo inali pafupi kwambiri moti ndinaona kamtambo koyera m'kati mwa maso awo onse awiri.

"Yapola bwino," anatero. Koma mawuwo anamveka ngati funso. "Si choncho, mlamu wanga? Yasalala?"

Bodza linali kale pa lilime. Ndikunena zoona, linali lokonzeka. M'malo mwake ndinagwira dzanja lawo lamanja, n'kutenga zala ziwiri, n'kuziika pachipserapo.

Zalazo zinaima. Kenaka zinayamba kuyenda pang'onopang'ono, kuzungulira m'mphepete, kudutsa pakati, kubwereranso m'mphepete. Anayeza m'litali, anayeza m'lifupi. Ine ndinkalira, iwo ayi.

"Ndi chakuda?"

"Ndi chakuda, alamu."

"Kwambiri?"

"Kwambiri."

Anachotsa dzanja, n'kukhala pa kampando kawo kozungulira. Panja wina ankatsitsa makatoni a sitolo ya mankhwala. Kuwala kunali kutayamba kuchoka pazenera.

"Iwenso ndiwe chitsiru," anatero pamapeto pake. "Ukupsa, osakuwa?"

"Munatiphunzitsa ndinu."

"Eya. Ndine." Anapukuta manja pa epuloni ngakhale anali ouma. "Mphunzitsi uja nambala yake ili m'kabuku kofiira. Umuimbire, umuuze asabwere. Usamunamize kuti ndadwala. Umuuze kuti sindikuona."

Ndinaimba ali pomwepo, akumva. Nditamaliza anandiuza kuti nditsitse mabotolo onse pashelefu, ndiwaike m'katoni, ndikawapereke kwa mwini sitolo ya mankhwala kuti akawataye moyenera. Ankatchula lililonse ndi malo ake osayang'ana, ine n'kumatsitsa. Shelefu itatsala yopanda kanthu anandiitananso.

"Mlamu wanga, undiuze zoona. Iwe umamva za pabenchi. Alipo wina amene ndinamuchita zimenezi, n'kungochoka osanena?"

"Palibe amene ndinamumva, alamu. Ndine woyamba."

Anapuma mpweya wautali, mapewa n'kutsika.

"Ndiye bola," anatero. "Mlendo ndikanamupepesa, n'kupita osadzamuonanso. Iwe uzibwera nacho chipseracho kunyumba Lamulungu lililonse, ndizichigwira."

Ndinkapita. Anakhala ndi moyo zaka zina zinayi, ndipo palibe Lamulungu limene anaiwala.