Wothira Mchere

Chaka chimene akazi anga anapita padera, ine ndinagula nyanja. Musaseke. Inali thanki yagalasi yotalika ngati tebulo la pabalaza, ndipo ndinaiika m'kachipinda kamene tinali titapakamo kale penti wachikasu podikira mwana. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Liverpool, m'nyumba yosanja yoyang'ana kumadoko. Iwo anali namwino pachipatala chachikulu, ine ndinali nditangomaliza sukulu n'kupeza ntchito ya makompyuta.

Za nyanja yamchere sindinkadziwa kanthu. Ndine wa ku Dedza ine, nsomba ndinkaidziwa itauma kale. Koma tsiku lina pothawa mvula ndinalowa m'sitolo ya nsomba zoweta, ndipo kumbuyo kwake, m'kuwala kwa buluu, ndinaona makorali. Ankaoneka ngati maluwa omera pamiyala, ena ngati bowa, onse akugwedezeka pang'onopang'ono ngati akumva nyimbo imene ine sindinkaimva. Mwini sitoloyo, bambo wadazi, anandiuza kuti si maluwa ayi, ndi nyama: amadya, amagona, amanyanyala. Ndinaima pamenepo mpaka basi inandisiya. Mumtima ndinati, akazi anga akaona zimenezi mwina adzayambanso kuyang'ana chinthu.

Paja kunyumba kunali zii. Ankapita kuntchito, n'kubwera, n'kuphika, osalira, osaseka. Ndiwo zikatsala pang'ono kupsa ankandiitana: "Tabwerani mudzathire mchere." Kwathu mkazi akapita padera sathira mchere mpaka akuluakulu atamumasula, kuopa kuti mwamuna angadwale mdulo, atupe miyendo n'kumatsokomola. Poyamba ndinkathira osanena kanthu. Koma miyezi itapita ndinapsa mtima. Ndinati, "Inu namwino wathunthu, wobaya azungu jakisoni, mukuopa mchere?" Anangoti, "Thirani basi."

Kukanakhala kumudzi, azakhali awo akanabwera m'mawa wina n'kunena kuti nthawi yakwana, nkhani n'kuthera pomwepo. Nanga ku Liverpool akanawamasula ndani? Amayi a kumpingo anabwera, anapemphera, anaimba, anadzaza firiji ndi zakudya, koma za mchere palibe amene anatchula, paja tonse ndife ophunzira ndi opemphera. Kenako ndinazindikira kuti sanalinso kuopa mdulo. Ankaona ngati manja awo ndi amene amapha zinthu. Ngakhale kaduwa ka pawindo anasiya kukathirira. Zimenezi zinandiopsa kwambiri, chifukwa ndinaona kuti mkazi wanga akundichoka tili nyumba imodzi.

Thanki ija inandiphunzitsa kudikira, ine munthu wa phuma. Madzi ake apadera, mchere wake wapadera wa m'chidebe, osati wa kukhitchini, pampu, hita yotenthetsera madzi, ndi miyala yochokera kunyanja yonunkha ngati dambo. Ndiye mwini sitolo akuti ndisaikemo chamoyo chilichonse kwa masabata angapo, madzi ayambe akhwima. Mnzanga wina wa ku Wakefield, mzinda wa kutali ndithu, atabwera kudzacheza anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Achimwene, sukulu yonse ija mwayamba kuweta miyala?" Ndinamuuza kuti akhale chete, miyala yanga ikupuma.

Makorali oyamba ndinawanyamula pabasi, m'timatumba tapulasitiki, nditawabisa m'jekete pachifuwa kuti asazizidwe. Kunyumba ndinachita monga anandiuzira: madzi a m'thanki azidonthera m'kathumba dontho limodzilimodzi, alendowo azolowere. Nditawakhazika pamiyala anadzitseka onse, kungotsala timatuza totuwa. Aa, ndinati ndapha kale. Koma m'mawa mwake kamodzi kanatsegula diso lobiriwira, kenako kena, kenako mwala wonse unali maso okhaokha.

Inali nyengo yozizira, mdima unkagwa anthu asanaweruke. Ndikafika ndinkakhala pansi m'kachipinda muja, nyali ya thanki yokha ikuyaka. Kuwala kunkayenda pakhoma lachikasu, kukwera, kutsika, ndipo chipinda chonse chinkakhala ngati chamira. Kutali sitima inkalira m'nkhungu ya pamtsinje. Nthawi zina ndinkaiwala kuti ndili dziko liti. Ndinkaona ngati mabasi a mumsewu akusambira, anthu a maambulera akuyandama pang'onopang'ono kupita kwawo, ndipo palibe amene akufulumira, palibe amene wataya kanthu.

Akazi anga ankaima pakhomo, yunifolomu ili m'thupi, osalowa. Kenako anayamba kulowa n'kukhala pansi pafupi nane, manja atawabisa m'khwapa. Tsiku lina anati, "Kaja ka pakona kakula." Mawu ochepa amenewo ndinawasunga ngati mphatso. Koma galasi sanalikhudze.

Ndiye m'mawa wina ndinaterereka pa ayezi wa mumsewu pothamangira basi. Ndinagwa chafufumimba, manja patsogolo. Lamanja linathyoka, lamanzere linabinya, ndipo ndinabwerera kunyumba nditamangidwa konsekonse. Madzi a m'thanki amafuna kusinthako pafupipafupi, ndipo nthawi yake inakwana n'kupitirira. Pagalasi panayamba ndere zofiirira. Makorali anayamba kudzitseka limodzilimodzi, maso obiriwira aja n'kumazima ine ndikuona.

Loweruka masana akazi anga anatenga ndowa osawauza. Anathiramo madzi, anaikamo hita, anayatsa kapampu, zonse mwaluso ngati ali kuwodi. Kani ankandionerera nthawi yonse ija, ine osadziwa. Atafika pa chidebe cha mchere anaima.

"Tabwerani mudza..." Anayang'ana manja anga, mawu n'kuthera pakamwa.

"Sindingathe," ndinatero. "Muthire ndinu."

"Muitane mnzanu uja."

"Wa ku Wakefield? Akamafika adzapeza miyala yeniyeni."

Sanaseke. Anagwada pafupi ndi chidebecho nthawi yaitali, kuwala kwa buluu kukuyenda pankhope pawo. Kenako anatenga kapu, anatapa mchere, wina n'kutayikira pakapeti. Anathira. Madzi anachita mbuu ngati mkaka. Anapinda mkono wa juzi, nalowetsa dzanja mpaka m'chigongono, n'kuyamba kutakasa.

Osandiyang'ana anati, "Akafa, musandiyang'ane ine."

Ine ndi pakamwa panga potentha, pofuna kuwalimbitsa mtima, ndinati, "Aa, musadandaule. Akafa tidzapeza ena."

Dzanja linaima m'madzi. Apo m'pamene ndinamva mawu anga. Ndi mawu omwewo amene aliyense anawauza kuchipatala, kumpingo ndi pafoni kuchokera kumudzi: musadandaule, mukadali ana, mudzapeza wina.

"Sindikufuna ena," anatero. "Ndimafuna yemwe uja."

Analira pamenepo, koyamba chichokereni kuchipatala, kulira kokweza kwa kumudzi kosasamala za anthu a nyumba yapansi. Ine ndinagwada pambali pawo. Manja owagwira nawo ndinalibe, ndiye ndinangotsamiritsa mutu wanga paphewa pawo, nanenso n'kulira, iwo dzanja lili m'ndowa, akutakasabe.