Kabokosi ka Thovu

Bambo oyandikana nafe nyumba anakalambira pa ntchito yokonza mafiriji, ndipo sataya thovu loyera lija limene limabwera litakuta katundu watsopano m'makatoni. Ana akalinyenya, timibulu take n'kuwamatirira m'tsitsi, bambowo amatola kamodzikamodzi uku akung'ung'udza.

"Ameneyu ndi pulasitiki wodzaza mpweya," amatero akulidula ndi waya wotentha. "Kutentha kukafika apa kumasowa njira. Koma osamuonetsa petulo, amasungunuka ngati mchere m'madzi."

Akazi awo amadana ndi kulira kwa thovulo. Likangokhulana pang'ono, amadandaula ali kuchipinda kuti mano awo ayayamira. Komatu mayiwo ali ndi matenda a shuga, ndipo mankhwala awo obaya safuna kutentha.

Tsiku lina magetsi anazima kuyambira m'mawa. Dzuwa likuswa mtengo, ndinaona bambowo akubwera kwathu atafungatira kabokosi ka thovu komata ndi selotepi, kudzafunsa ngati m'firiji mwathu munatsalako ayisi. Ndinawapatsa yense. Anamuyala pansi pa kabokosiko, n'kuphimba ndi kansalu kuti timabotolo ta mankhwala tisamukhudze.

Mawondo awo amavuta, choncho ndinati ndiwaperekeze. Ndinanyamula kabokosiko ndi dzanja limodzi, poti kanali kopepuka ngati mulibe kanthu.

Anaima n'kundigwira pamkono.

"Manja awiri, mwanangu. Muli mayi ako m'menemo."