Verna Wolambula Njira za m'Phiri

Verna Haugland anayendetsa basi ya ana asukulu ku Idaho mpaka tsitsi linachita mbuu. Atapuma pa ntchito, anthu ankati akhala pansi azilera zidzukulu. Koma chipale chofewa chikangosungunuka m'mapiri, iye ankamanga chishalo pahatchi yake n'kulowera kunkhalango ya boma kukalambula njira. Palibe ankamutuma.

Gulu la olambula njira analowa ndi mwamuna wake Wendell, onse akadali ndi mphamvu zawo. Masiku amenewo mahatchi ankachita kudzaza poyambira njira. Kenako ena mawondo anakana, ena anasamukira kwa ana awo kutauni, Wendell anamwalira. Verna anatsala ndi mlamu wake Orval, mkulu wake wa malemuyo, bambo wogontha khutu limodzi amene ankadandaula kuyambira pokwera hatchi mpaka potsika, koma osajomba.

Ntchito inakula moto wolusa utadutsa m'phirimo. Mitengo ya paini inauma chiimire, ndipo chaka chilichonse inkagwa n'kupingasa njira. Kuderalo macheka a injini saloledwa, choncho ankadula ndi macheka aatali okoka anthu awiri, wina uku wina uko.

Tsiku lina Verna ndi Orval anadula zipika kuyambira m'mawa mpaka anatulukira padambo la pamwamba. Ali mkati modya buledi wopaka chiponde, mphepo inayamba. Anagwira zingwe za mahatchi m'manja, kumamvera mitengo ikugwa kumunsi kumene anachokera. Pobwerera anapeza njira ija yatsekekanso, ngati sipanadutse munthu.

Orval anatukwana mphepoyo, natukwananso boma, kenako anamasula macheka pachishalo. Chipika choyamba anadula, chachiwiri anadula. Pa china chachikulu Verna anamva m'manja mwake kuti mlamu wake sakukokanso, wangogwirira chogwirira. Anamuyang'ana. Milomo inali itatuwa, malaya atanyowa ndi thukuta. Verna anati apume kaye poti hatchi yake ikuoneka ngati ikutsimphina.

"Musanamizire hatchi, mlamu," anatero Orval, akukhala pansi. "Wotsimphina ndine. Manjawa andithawa."

"Mwayamba liti kuvomera zinthu, madala inu?"

Orval sanaseke. Anati Wendell akanakhalapo bwenzi atamaliza kalekale. Verna anamukumbutsa kuti Wendell ankagona pamthunzi iwo awiri akudula, ndipo apo mpomwe bamboyo anamwetulira pang'ono.

Chipika chimenecho anachisiya macheka atafika pakati. Anazungulira m'tchire akukoka mahatchi, makala akuwadetsa mpaka m'maso, nthambi zikuwakala. Anafika poyambira njira, pamene anasiya galimoto, dzuwa likulowa. Verna analephera kukweza chishalo m'galimotomo, mpaka anachita kuchikhwekhwereza.

Chaka chotsatira Orval sanakwerenso hatchi. Ankamuperekeza Verna mpaka poyambira njira, n'kutsala m'galimoto ndi khofi wake, kumauza aliyense wodutsa kuti achinyamata a masiku ano ndi alesi. Verna ankapita yekha ndi kamacheka kakang'ono. Mitengo ing'onoing'ono ankadula, ikuluikulu ankaimanga kansalu kofiira n'kukauza a zankhalango, amene ankayankha mwaulemu kuti alibe anthu. Njira ya kudambo ija inayamba kumera tchire chakumtunda. Verna ankalambula mpaka pamene msana walolera, kenako n'kutembenuza hatchi.