Nsapato Makumi Anayi Zopanda Masoli

Anthu a mumsewu wa kuseri kwa msika amamutcha Chidendene, chifukwa mukakumana amayamba wakuyang'ana kumapazi asanakupatse moni. Ndi wosoka nsapato monga analili malemu bambo ake, ndipo kashopu ndi komwe kaja: benchi imodzi, makina akale opalasa ndi phazi, zikombole zamatabwa zili lendelende pamisomali. Asakunamizeni munthu, nsapato yosoka mwana ameneyu imatha zaka zitatu isanayasame.

Chaka chimene mafakitale anayamba kuchotsa anthu ntchito, pashopu panazizira. Aliyense ankathamangira nsapato zakunja zotchipa, zija zimamatuka ndi mvula yoyamba. Chidendene anayenda ndi pepala khomo ndi khomo, amisiri anzake n'kumasayina, kupempha boma kuti liletse nsapato zakunja. Tsiku limene wailesi inalengeza chiletsocho, anavina nyundo ili m'manja.

"Mayi a ana, tapambana!"

"Mwapambana ndani, bambo?" anafunsa mkazi wake. "Mpira wake uti?"

Bambo ake anamuphunzitsa kuti mmisiri amayamba wadula zikopa zonse, n'kusoka zapamwamba, masoli pomaliza. Ndiye Chidendene anadula chikopa chonse chimene anali nacho, osasiyako ngakhale kachidutswa. Patatha milungu itatu, nsapato makumi anayi zinali ndandanda pachingwe, zikungodikira masoli.

Atapita kwa wogulitsa zipangizo, anapeza mashelefu ali mbee.

"Masoli? Achimwene, si inu munabwera ndi pepala lija? Mumayesa masoli amamera kuseri kwa nyumba yanga?"

"Ife tinati nsapato!"

"Iwo alemba kuti nsapato ndi zonse zopangira nsapato. Guluu, ulusi, zonse."

Chidendene anakanda m'mutu. Anaganiza zodula masoli ku matayala akutha, koma madalaivala anamuseka: atsopano akwera msonkho, akuthawo ndi amene akuyendera. Mlamu wake, amene ankapita ndi masandasi a Chidendene kukagulitsa kutsidya kwa malire, anabwerera thumba lili chimangire.

"Nawonso atseka, alamu. Akuti mwayamba ndinu."

"Ine? Ndayamba chiyani ine?"

Mwezi unatha osagulitsa ngakhale imodzi. Mkazi wake anamuuza mosapsatira kuti ana sadya zikopa, atseke shopu akafune ntchito yaulonda. Shopu ya bambo ake! Lolemba m'mawa anakwera pabenchi kuti azule chikwangwani.

"Odi, amisiri!"

Anali mayi wogulitsa malasha, atanyamula nsapato yakunja yoyasama ngati ng'ona.

"Zinyalala zimenezi sindikhudza, mayi."

"Nanga zatsopano mwatisiyira kuti? Si inu munazithamangitsa? Sokani!"

Anatsika pabenchi. Anathothola nsapato imodzi pachingwe, n'kudulako chigamba, n'kusoka ndi ulusi wotsala. Masana kunabwera ena atatu. Pofika Lachisanu, nsapato zakunja zinali mulu pakhomo, zokutha zidendene, zoduka malamba.

Chikwangwani chikadali pomwepo mpaka lero. Pachingwe patsala nsapato khumi ndi ziwiri, zinazo zinatha n'kudulidwa zigamba. Ntchito yake ndi yaukhondo moti chigamba chimaposa nsapato yeniyeniyo, zimenezo aliyense akudziwa. Koma nthawi zina amaimitsa zingano m'mwamba, n'kuyang'ana chingwe chija.

"Mayi a ana, tandiuzani bwinobwino. Tinapambana kapena tinaluza?"

"Sokani, bambo. Mwini wake akudikira ndi phazi limodzi."